Foni ikakusocheretsani, vuto likhoza kukhala kumwamba

Mlangizi wina wa zaumoyo anandipeza tsiku lina foni ili m'manja, nkhope itachita tsinya. Anali atatumidwa kukalemba malo a zitsime ndi mijigo m'midzi yomwe munabuka matenda otsekula m'mimba, ndipo fomu ya pafoniyo inkafuna kuti aziima pa chitsime chilichonse n'kudina kuti GPS isunge malowo. Chitsime china anachidina kawiri, m'mawa komanso dzuwa litalowa pobwerera kunyumba. Mapu anaonetsa zitsime ziwiri, china pamalo pake, china m'munda mwa eni ake kutsidya kwa msewu. "Adokotala, foni iyi yatha kapena?" anandifunsa.

Ndinawayankha zomwe ambiri tikadayankha, zoti mwina anaima pansi pa mtengo wa mango kapena pafupi ndi denga la malata. Kawirikawiri yankho limeneli limakhala loona, ndipo n'kutheka kuti tsikulo linali loona. Koma silinali lathunthu. Pali chinthu china chomwe chimasokoneza GPS, chomwe sichili m'foni kapena padenga, koma makilomita mazana atatu kapena anayi kumwamba kwa mitu yathu. Chimavuta kwambiri kumadera oyandikana ndi ikweta, mzere wongoyerekeza uja wogawa dziko lapansi pakati, ndipo kuno ku Africa n'komwe chimayezedwa mochepa kwambiri.

Nkhaniyi yamveka kwambiri m'zaka zaposachedwapa pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi dzuwa. Ukali wa dzuwa umakwera ndi kutsika pa zaka pafupifupi 11 zilizonse, ndipo mu Okutobala 2024 mabungwe a ku America a NASA ndi NOAA analengeza kuti lafika pachimake. Miyezi isanu izi zisanalengezedwe, pa 10 ndi 11 Meyi, mphepo yamphamvu ya tinthu tochokera kudzuwa inawomba dziko lapansi mwaukali womwe unali usanaonekenso chichokere 2003. Alimi ambiri a chimanga ku America, omwe mathirakitala awo amatsata mizere pogwiritsa ntchito GPS, anaimika ntchito pakati pa nyengo yobzala chifukwa makinawo ankakhotetsa mizere. Chachiwiri, mu Novembala 2024, akatswiri a kampani ya Google anafalitsa m'magazini ya sayansi ya Nature kafukufuku woonetsa kuti mafoni wamba mamiliyoni ambiri akhoza kuyeza zomwe zikuchitika kumwambako. Kuti zonsezi zimveke, tiyambe ndi foni yomwe ili m'thumba mwanu.

Foni imadziwa bwanji pomwe muli?

Masetilaiti a GPS alipo pafupifupi 30, ndipo amazungulira dziko kawiri patsiku pa mtunda wa makilomita 20,200. Si okhawa ayi. Maiko a ku Ulaya ali ndi awo otchedwa Galileo, Russia ili ndi GLONASS, China ili ndi BeiDou, ndipo mafoni ambiri a masiku ano amamvera onsewa ngakhale ife timangoti GPS. Setilaiti iliyonse ili ndi wotchi yolondola kwambiri, ndipo ntchito yake ndi kulengeza mosalekeza kuti ili pati komanso kuti nthawi ili bwanji. Foni imangomvetsera. Ikalandira uthengawo imawerengera nthawi yomwe wayenda, n'kudziwa kutalika kwa mtunda pakati pa iyo ndi setilaitiyo. Ikamva masetilaiti anayi kapena kuposera apo, imapeza malo omwe ili.

Apa mwaona kuti nkhani yonse yagona pa nthawi. Uthengawu umayenda pa liwiro la kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, moti ulendo wonse wochokera kusetilaiti sutenga ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Mukagawa sekondi m'magawo miliyoni imodzi, n'kulakwitsa ndi gawo limodzi lokha, mtunda walakwika ndi mamita 300. Choncho chilichonse chochedwetsa uthengawo panjira, ngakhale pang'ono bwanji, chimanamiza foni kuti setilaiti ili kutali kuposa pomwe ili.

Chomwe chimachedwetsa kwambiri ndi chigawo cha mlengalenga chomwe asayansi amachitcha ionosphere. Chimayambira pa makilomita pafupifupi 60 mpaka kukafika cha m'ma 1,000 kumwamba. Kumeneko mpweya ndi wochepa kwambiri, ndipo cheza champhamvu cha dzuwa chimathothola tinthu tating'onoting'ono totchedwa maelekitironi kuchoka ku maatomu a mpweyawo. Maelekitironi ndi tinthu tomwe timanyamula mphamvu ya magetsi, tomwe tija timayenda m'nthambo za magetsi m'nyumba. Kumwambako timangoyandama, ndipo timachuluka kwambiri pa mtunda wa makilomita 300 mpaka 400. Amene munkamvera wailesi za kunja pa shotiwevu mukukumbukira kuti masiteshoni ena ankamveka bwino usiku kuposa masana, ndipo mawu ankabwera n'kumapita ngati mafunde a panyanja. Chinali chigawo chomwechi, chikubweza mafunde a wailesi pansi komanso kusinthasintha malinga ndi dzuwa.

Mafunde a GPS sabwezedwa, amaboola n'kudutsa, koma amachedwa. Kuchedwako kumatengera kuchuluka kwa maelekitironi onse omwe uthenga wakumana nawo panjira. Chiwerengero chimenechi chimatchedwa TEC, chidule cha mawu a Chingerezi oti total electron content. Yerekezani paipi yaitali yochokera pafoni yanu kukafika kusetilaiti, yomwe kukamwa kwake ndi mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Mukawerenga maelekitironi onse a m'paipimo, mwapeza TEC. Popeza ndi ochuluka zedi, amawawerenga m'miyeso, monga momwe timayezera chimanga pa ndowa osati pa njere. Muyeso umodzi, TECU, ndi nambala 1 yotsatiridwa ndi mazilo 16. TECU imodzi imatalikitsa mtunda wa uthenga waukulu wa GPS ndi masentimita 16. M'bandakucha chiwerengerochi chimatha kutsika osafika 10. Masana, m'zaka zomwe dzuwa lakalipa, kumadera ena oyandikana ndi ikweta chimapitirira 100, kutanthauza mamita 16 kwa setilaiti yomwe ili pamwamba pa mutu. Kwa yomwe ili chapansi m'mphepete mwa thambo, uthenga umadutsa mopingasa ndipo kuchedwako kumatha kuwirikiza katatu.

Kuyeza chinthu chomwe sungachigwire

Ife a chipatala njira yoyezera imeneyi si yachilendo kwa ife. Pojambula X-ray sititsegula chifuwa cha munthu, timadutsitsa cheza n'kuona momwe chatulukira mbali inayo. Asayansi a mlengalenga amachitanso chimodzimodzi, kungoti cheza chawo ndi uthenga wa masetilaiti omwe alipo kale, womwe umagwa paliponse usana ndi usiku popanda kulipira.

Chinsinsi chake n'chakuti setilaiti iliyonse imaulutsa pa mafunde oposa amodzi, ngati wailesi yomveka pa manambala awiri. A GPS odziwika kwambiri ndi L1, pa 1575.42 MHz, ndi L2, pa 1227.60 MHz, ndipo masetilaiti atsopano awonjezera L5. Kopanda maelekitironi mafunde onsewa amathamanga mofanana. M'maelekitironi, a nambala yotsika amachedwa kwambiri kuposa a nambala yokwera. Taganizirani ana awiri onyamuka pamodzi kupita kusukulu, wina wamiyendo italiitali, wina wamfupi. Pa msewu wouma amafikira limodzi. Kukakhala matope, wamfupi amatsalira, ndipo mphunzitsi wodziwa ana akewo akhoza kunena kuchuluka kwa matope panjira pongoona kuti wachiwiri wachedwa ndi mphindi zingati. Makina olandira mafunde awiri amachita zimenezi pa setilaiti iliyonse yomwe akuiona, masekondi 30 aliwonse kapena pafupipafupi kuposa apo.

Zikumveka zosavuta, koma pali misampha iwiri, ndipo yonse imakula kumadera athu ano.

Msampha woyamba ndi wa sikelo. Mayi aliyense wopita ndi mwana kusikelo anaonapo mlangizi akubweza muvi pa ziro atapachika kabudula woyezera, mwana asanalowemo. Akapanda kutero, ana onse a tsikulo alembedwa kulemera kolakwika. Makina a GPS nawonso ali ndi "kabudula" wawo. Nthambo ndi zipangizo za mkati mwa setilaiti komanso za makina apansi zimachedwetsa mafunde awiriwa mosiyana pang'ono. Kusiyanako n'kwa tizigawo ta sekondi tochepetsetsa, koma gawo limodzi mwa magawo biliyoni imodzi a sekondi limafanana ndi pafupifupi TECU zitatu. Osachotsera bwino, umatha kupeza chiwerengero chotsika kuposa ziro, chomwe n'chosatheka. Vuto ndi loti sungachotse ionosphere kuti uyeze makina ali okha. Asayansi amawerengera cholakwikachi poganiza kuti pa nthawi ina, makamaka usiku, thambo limakhala losalala mbali zonse. Ku Ulaya ganizoli limagwira ntchito masiku ambiri. Kufupi ndi ikweta limakanika kawirikawiri.

Msampha wachiwiri ndi wa ngodya. Masetilaiti ambiri sakhala pamwamba pa mutu, choncho zomwe makina amayeza ndi paipi yopendekeka. Kuti ayerekeze malo ndi malo, amayenera kuisandutsa yoongoka. Pochita izi amayerekeza kuti maelekitironi onse apanikizidwa m'chinsalu chimodzi chopyapyala pa mtunda wa makilomita 350 kapena 450. Komwe ionosphere yayalana mofanana, masamuwa salakwa kwambiri. Komwe yaunjikana kuno n'kupyapyala uko, ndiponso komwe imakwera ndi kutsika makilomita ambiri pa maola ochepa, amalakwa. Kufupi ndi ikweta zinthu zili choncho pafupifupi tsiku lililonse.

Kasupe wa masana, thovu la usiku

Munthu angaganize kuti maelekitironi amachuluka kwambiri pa ikweta penipeni, pomwe dzuwa limawomba mwachindunji. Si choncho. Mu 1946 wasayansi wa ku Britain, Edward Appleton, yemwe chaka chotsatira analandira mphoto ya Nobel, anaonetsa kuti masana pakatipo pamakhala ngati chigwa, ndipo maelekitironi amaunjikana m'mizere iwiri, wina kumpoto wina kumwera, madigiri pafupifupi 15 mbali iliyonse.

Chimachititsa ndi mphamvu ya maginito ya dziko lapansi, yomwe ija imatembenuza muvi wa kampasi. Dziko lili ndi ikweta yachiwiri, ya maginito, pomwe mizere ya mphamvuyi imagona chopingasa osaloza pansi. Masana, mphepo za kumwamba kwambiri zimapanga mphamvu ya magetsi yoloza kum'mawa. Mphamvu ziwirizi zikakumana pa ikweta ya maginito zimakankhira maelekitironi m'mwamba ngati madzi otumphuka pa paipi yoboka. Akakwera makilomita mazana angapo amatsetsereka motsata mizere ya maginito n'kukagwera mbali ziwiri zija.

Apa ndi pomwe mapu a kusukulu angatisocheretse. Mu Africa ikweta ya maginito sidutsa pa ikweta yomwe tinaphunzira, yodutsa ku Uganda ndi Kenya. Ili kumpoto ndithu, cha pa madigiri 9 kapena 10, kudutsa m'maiko ngati Ethiopia, Nigeria ndi Côte d'Ivoire. Ndiye kuti mzere wakumwera wa maelekitironi ochuluka umagwera kumwamba kwa Kenya, Uganda, Tanzania ndi mbali ya Congo. Dziko la Malawi lili pakati pa madigiri 9 ndi 17 kumwera, zomwe zikuika Karonga ndi Chitipa pa madigiri pafupifupi 20 kuchokera pa ikweta ya maginito, ndipo Nsanje ili patali kuposa apo. Sitili pakati pa mulu, tili m'mphepete mwake, potsetsereka. Kwa woyeza, potsetsereka si pabwino. Makina omwe ali ku Mzuzu akamamvera setilaiti ya chakumpoto, uthengawo umadutsa ionosphere ya kumwamba kwa Tanzania, pomwe wa setilaiti ya chakumwera umadutsa kopyapyala. Komanso mulu umenewu sukhala malo amodzi. Dzuwa likakalipa umakula n'kusunthira kutali ndi ikweta, kuyandikira kuno.

Zamasanazi zimasintha pang'onopang'ono, ndipo makina abwino amatha kuzichotsera. Zausiku ndiye zovuta. Dzuwa likangolowa, maelekitironi a m'munsi mwa ionosphere amabwerera msanga ku maatomu awo, pomwe a pamwamba amatsala, ndipo pa nthawi yomweyo chigawo chonse chimanyamulidwa m'mwamba. Zotsatira zake, gawo lodzaza limakhala pamwamba pa gawo lopanda kanthu. Thirani madzi ndi mafuta ophikira m'botolo n'kulitembenuza mwadzidzidzi, muona mafuta akubowola madzi kukwera pamwamba. Kumwambako nakonso timatumba topanda maelekitironi timabowola n'kukwera, ndipo asayansi amatitcha thovu. Thovu limodzi limatha kukhala makilomita makumi angapo mulifupi, koma mulitali limatambalala makilomita mazana ngakhale masauzande motsata mizere ya maginito, kumpoto ndi kumwera, uku likuyenda cholowera kum'mawa. Likakwera kwambiri m'pamenenso nsonga zake zimafika kutali ndi ikweta.

M'mphepete mwa thovu muli timabowo ndi timiulu ta misinkhu yosiyanasiyana. Uthenga wa setilaiti ukadutsamo umabalalika, mphamvu yake n'kumakwera ndi kutsika kangapo pa sekondi, monga momwe nyenyezi imaphethirira. Zikafika poipa makina amataya setilaitiyo. Akataya ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi, malo amadumpha, ndipo apa ngakhale makina okwera mtengo a mafunde awiri amagonja. Izi zimachitika makamaka kuyambira cha m'ma 7 koloko madzulo mpaka pakati pausiku. Ku Africa zimachuluka m'miyezi ya Malichi ndi Epulo komanso Seputembala ndi Okutobala, ndipo zimanyanya m'zaka zomwe dzuwa lili pachimake. Chodziwa apa n'choti thovuli silidikira mkuntho wa kudzuwa ngati wa mu Meyi 2024. Limabwera ngakhale usiku wamba.

Nanga foni wamba, yomwe imamva mafunde amodzi okha, imatani? Imadalira masamu ongoyerekeza omwe masetilaiti a GPS amatumiza pamodzi ndi uthenga wawo. Anawakonza ndi John Klobuchar wa ku America, ndipo cholinga chake chinali kuchotsa pafupifupi theka la cholakwikacho. Masamuwa amatenga kuti maelekitironi amafika pachimake 2 koloko masana, ndipo usiku wonse amakhala ochepa osasinthasintha. Kunena kwina, amaganiza kuti dzuwa likalowa thambo limagona. Kumadera ozizira n'zoona ndithu. Kufupi ndi ikweta, madzulo ndi pomwe limadzuka.

Ndani akuyeza thambo la Africa?

Mapu a dziko lonse oonetsa TEC amapangidwa tsiku lililonse kuchokera ku masiteshoni mazana angapo a bungwe la International GNSS Service. Mukaona mapu a masiteshoniwo, ku Ulaya timadontho tathithikana, pomwe ku Africa mukhoza kutiwerenga ndi chala: Addis Ababa, Malindi ku Kenya, Mbarara ku Uganda, Libreville ku Gabon, Lusaka, Hartebeesthoek ku South Africa ndi ena ochepa. Dziko la Japan palokha lili ndi masiteshoni oposa 1,000. Pomwe palibe siteshoni, kompyuta imangodzaza mpatawo moyerekeza. Zili ngati kulemba lipoti la malungo a boma lonse kuchokera ku zipatala ziwiri za m'tauni. Lipotilo lituluka, manambala aoneka bwino, koma kumudzi komwe udzudzu wachuluka sikunawerengedwe.

Kuno kwathu makina otere alipo. Ena, monga a ku Zomba ndi ku Mzuzu, anaikidwa n'cholinga china, choyeza kusuntha kwa nthaka m'chigwa chachikulu chomwe muli nyanja ya Malawi, ntchito yomwe anthu a ku Karonga akuidziwa kufunika kwake chichitikireni zivomerezi za mu Disembala 2009. Woyeza nthaka amaona ionosphere ngati chisokonezo choti achotse, koma chomwe iye akutayacho ndi chomwe woyeza thambo akufuna. Makina amodzi amagwira ntchito ziwiri. Ku South Africa, bungwe la boma loona za mlengalenga la SANSA linatsegula mu Novembala 2022 malo ku Hermanus omwe amayang'anira nyengo ya kumwambayi usana ndi usiku, ndipo ndi amodzi mwa malo omwe bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse la ICAO linawasankha kuti azithandiza pa machenjezo. Kuchokera kumwamba, masetilaiti asanu ndi imodzi a COSMIC-2, omwe Taiwan ndi America anaponya mu Juni 2019, amazungulira chigawo cha ikweta akumvera uthenga wa GPS womwe wadutsa mopingasa m'mlengalenga.

Kafukufuku wa Google uja wabwera pa mpata umenewu. Kuyambira mu 2018 mafoni ena akutuluka ndi zipangizo zomva mafunde awiri. Foni imodzi payokha imayeza mosalongosoka, mlongoti wake ndi waung'ono ndipo nthawi zambiri imakhala m'thumba. Koma zoyeza za mafoni mamiliyoni zikaphatikizidwa, zolakwikazo zimafafanizana. Akatswiriwo anati njirayi inawirikiza kawiri dera la ionosphere lomwe limayezedwa, ndipo anaona thovu kumwamba kwa India ndi South America. Ndi ntchito yotamandika, koma ine sindikuona kuti yatithetsera vuto. Mafoni a mafunde awiri ndi okwera mtengo ndipo amapezeka komwe kuli ndalama, ku Lagos, Nairobi ndi Johannesburg, osati ku Nthalire kapena ku Makhanga. Komanso zoyezazo zili m'manja mwa kampani, osati mwa sukulu zathu za ukachenjede. Siteshoni yokhazikika, yomwe zoyeza zake aliyense angazipeze, ikufunikabe.

Ndipo si yodula monga kale. Masiku ano pali makina a mafunde awiri otsika mtengo omwe ofufuza awonetsa kuti amayeza TEC mokhutiritsa. Chomwe chimapha masiteshoni mu Africa si mtengo wa makina, koma batire lomwe latha, intaneti yomwe sinalipiridwe, mphezi, ndi kusowa kwa munthu wolipidwa woti azikaona ngati nyali ikuyakabe thandizo la akunja likatha. Aliyense wogwira ntchito m'chipatala cha kumudzi akuidziwa nkhani yotere, anaionapo pa firiji ya katemera.

Zikutikhudza pati?

Ndinene mosabisa kuti kwa munthu wofuna njira ya kumsika, zonsezi zilibe kanthu. Kulakwa kwa mamita asanu kapena khumi sikusocheretsa munthu wamaso. Nkhani imakula pomwe makina akudalira GPS popanda munthu wowawongolera, kapena pomwe masentimita ali ndi mtengo.

Dziko la Malawi linali m'gulu la maiko oyamba mu Africa kuyesa ndege zing'onozing'ono zopanda woyendetsa, madroni, pa ntchito zaumoyo. Mu Juni 2017 boma ndi UNICEF anatsegula dera loyeserera ku Kasungu, mu 2020 sukulu yophunzitsa za madroni inatsegulidwa ku Lilongwe, ndipo madroni anyamulapo katemera, mankhwala ndi zokayezetsa kupita ndi kuchokera kuzipatala zovuta kufikako, monga za ku Nsanje ndi Chikwawa. Maulendo ambiri otere amachitika masana, pomwe thovu kulibe. Koma mayi wotaya magazi atabereka sasankha ola, ndipo tsiku lomwe tidzafune kuti droni izinyamula magazi 9 koloko usiku mu Okutobala ku Chitipa, tidzafunika kudziwa kuti ndi mausiku angati pachaka omwe uthenga wa masetilaiti umaphethira kumeneko, komanso kwa mphindi zingati. Yankho lake silingabwerekedwe ku Ulaya, liyenera kuyezedwa pamalopo, kwa zaka zingapo, kuphatikizapo zaka zomwe dzuwa lakalipa. Chimake cha ulendo uno chinalengezedwa mu 2024, ndipo china chidzabwera patapita zaka pafupifupi 11 kuchokera pamenepo.

Oyeza malo nawo akukhudzidwa. Kulembetsa malo a makolo pansi pa malamulo a malo a 2016 kumadalira kuyeza malire, ndipo makina oyezera molondola mpaka masentimita amagwira ntchito poyerekeza zomwe makina awiri otalikirana akumva, poganiza kuti thambo la pamwamba pa onse awiri ndi lofanana. Potsetsereka paja ganizoli limafooka mtunda ukamakula. Ku Brazil, komwe ikweta ya maginito imadutsa m'dziko momwemo, alimi a nzimbe ogwiritsa ntchito makina oyendera GPS usiku akhala akulimbana ndi vutoli kwa zaka zambiri. Pa za ndege, maiko a America ndi Ulaya ali ndi njira zotumizira ndege uthenga wokonza zolakwika za GPS potera. Dziko la India popanga yake, yotchedwa GAGAN, linachita kukonza masamu akeake a ionosphere chifukwa a kumaiko ozizira sankakwanira. Africa nayo ikumanga yake, ndipo ikukumana ndi phiri lomwelo.

Kwa makolo, funso lomwe ndimalandira nkhani za dzuwa zikamveka pa WhatsApp ndi lakuti kodi ana asatuluke panja. Atuluke. Tinthu tochokera kudzuwa timatchingidwa ndi mphamvu ya maginito ya dziko komanso mpweya wochindikala womwe uli pamwamba pathu. Omwe amada nkhawa ndi cheza chake ndi anthu okhala m'zombo za mumlengalenga ndi oyendetsa ndege zodutsa kumapeto a dziko kumpoto ndi kumwera. Mkuntho wa kudzuwa suyambitsa malungo, mutu kapena kupita padera, ndipo mwana wotentha thupi tsiku lotero apite kuchipatala monga mwa masiku onse. Uthenga wa GPS nawo si woopsa. Setilaiti imaulutsa ndi mphamvu yosasiyana kwenikweni ndi ya babu lamagetsi, kuchokera pa makilomita 20,000, moti pofika pansi umakhala wofooka kwambiri. N'chifukwa chake denga ndi masamba zimautchinga mosavuta. Ndipo foni situmiza kanthu kusetilaiti ya GPS, imangomva.

Kwa alangizi ndi mavolontiya olemba malo a nyumba, zitsime kapena zimbudzi pafoni, zambiri zili m'manja mwanu. Imani pabwalo poonekera thambo, kutali ndi khoma ndi malata, ndipo mupatse foniyo mphindi imodzi kapena ziwiri kuti imve masetilaiti ambiri musanadine. Mafomu ambiri amaonetsa nambala ya mamita yosonyeza kuti foni ikudzikayikira bwanji. Dikirani itsike, koma musaikhulupirire kotheratu, chifukwa foni siyeza ionosphere yomwe uthenga wadutsamo, imangoyerekeza. Ngati ntchito ikulola, lembani malo m'mawa, pomwe maelekitironi amakhala asanachuluke. Malo omwe mwalemba dzuwa litalowa, makamaka mu Malichi, Epulo, Seputembala ndi Okutobala, akaoneka okayikitsa mukawabwereze kukacha. Ndipo m'bokosi la ndemanga lembani mudzi, dzina la mfumu ndi chizindikiro chomwe munthu angachione ndi maso, monga kuseri kwa tchalitchi kapena pafupi ndi mlambe, kuti wobwera kudzathira mankhwala m'chitsime asakathire cha eni ake.

Mlangizi uja anabwerera m'mawa mwake, anaima pambali pa chitsime patali ndi mtengo, n'kudinanso. Kadontho kanagwera pafupi ndi koyamba kaja, ndipo kam'munda anakafufuta.